Christopher Dock, Mphunzitsi Amene Anamwalira Atagwada

Ambiri a ife tiri ndi ana m'manja mwathu. Ena ndi obala tokha, ena ndi adzukulu, ena ndi ana amasiye a abale athu, ndipo ena timakumana nao pa Sande sukulu. M'kope lino tikuwerenga mbiri ya munthu amene anapatsidwa ana a eni kuti awaphunzitse, nawasiya zaka khumi, kenaka nabwerera kwa iwo ndi kukhala nao kufikira tsiku la imfa yake. Munthuyo ndi Bambo Christopher Dock, Mjeremani amene anasamukira ku America, mphunzitsi wa sukulu ndi wa kuimba, amenenso analemba nyimbo za Mulungu.

Kucoka ku Germany

Bambo Dock anabadwira ku Germany ca m'ma 1698. Masiku amenewo madera a m'mbali mwa mtsinje wa Rhine anali atasakazidwa ndi nkhondo zotsatizana. Asilikali anali kutentha midzi ndi kulanda zakudya, misonkho inali yolemera, ndipo m'caka ca 1709 kunagwa cisanu coopsa cimene cinaononga mbeu ndi mitengo ya zipatso. Akristu a mpingo wa Mennonite, umene unali mpingo wa Bambo Dock, anali ndi katundu winanso pamwamba pa ameneyu. Mpingowu unatenga dzina kwa Menno Simons wa ku Netherlands, ndipo anthu ake sanali kubatiza makanda, sanali kulumbira, ndiponso anali kukana kunyamula zida za nkhondo. Cifukwa ca ici mafumu ena anawapirikitsa, ndipo ena anawalola kukhala m'dziko mwao koma powalipiritsa msonkho wapadera.

Kutsidya kwa nyanja ya Atlantic kunatseguka khomo. Mu 1681 mfumu ya ku England, Charles II, inapatsa William Penn dziko lalikulu limene linachedwa Pennsylvania, ndipo Penn analonjeza kuti kumeneko munthu aliyense adzapembedza Mulungu monga mwa cikumbumtima cake. Mu 1683 mabanja 13 ocokera ku Krefeld anamanga mudzi wa Germantown pafupi ndi mzinda wa Philadelphia. Ena anawatsatira, nayamba kugwetsa mitengo ndi kutsegula minda m'mbali mwa kamtsinje ka Skippack, makilomita oposa 30 kucokera mumzindamo. Bambo Dock anaoloka nyanja akali mnyamata, ndipo mu 1718 anatsegula sukulu pa Skippack.

Zaka khumi m'kalasi, zaka khumi kumunda

Sukulu za kumeneko sizinali za boma. Makolo okha ndiwo anali kupangana ndi mphunzitsi ndi kumulipira, ndipo makolowo anali alimi ongoyamba kumene, a ndalama zocepa. Ana anali kubwera pamene nchito ya kumunda yacepa. Kholo likakhumudwa ndi mphunzitsi linali kungomucotsa mwana wake, popanda woliletsa. Bambo Dock anaphunzitsa m'mikhalidwe yotereyi zaka khumi, ndipo ca m'ma 1728 anaika coko pansi nayamba ulimi. Mu 1735 anagula maekala 100 m'dera la Salford kwa a banja la Penn.

Ndani wa ife angawadzudzule? Anali munthu wa pabanja, ndipo iwo ndi akazi ao anadalitsidwa ndi ana akazi awiri. Munda unali kudyetsa banja kuposa sukulu. Komabe mtima wao sunakhale m'malo. M'zaka khumi zimenezo anapita ku Germantown kanai kukaphunzitsa, miyezi itatu ya nyengo yotentha ulendo uliwonse. Pambuyo pake anaulula m'zolemba zao kuti nthawi yonse imene anali kumunda anali kumva dzanja la Mulungu likuwalanga, ndi kuti cikumbumtima cao cinali kuwatsutsa pa nkhani ya ana amene anawasiya. Anazindikira kuti kuphunzitsa sinali nchito yongopezerapo cakudya, koma maitanidwe amene Ambuye adzawafunsa nao mlandu.

Mu 1738, ali ndi zaka pafupifupi 40, anabwerera ku uphunzitsi. Malipiro sanakwere, ndipo makolo sanasinthe. Amene anasintha ndi mphunzitsi. Kuyambira pamenepo anaphunzitsa zaka 33 osalekanso.

Sukulu ziwiri, mphunzitsi mmodzi

Atabwerera anatenga sukulu ziwiri, ya pa Skippack ndi ya ku Salford. Anali kuphunzitsa masiku atatu pa imodzi ndi masiku atatu pa inayo sabata iriyonse. Kuyendayenda kumeneku anakusandutsa phunziro. Ana a pa Skippack anali kulemba makalata kwa anzao a ku Salford, a ku Salford nayankha, ndipo mphunzitsi ndiye anali mtengamakalata. M'makalatamo munali mafunso a m'Baibulo ndi nkhani za m'malemba. Mwana anali kuyesetsa kulemba bwino podziwa kuti pali mnzake amene adzawerenga.

Mwana watsopano akafika, anzake onse anali kumulandira pomugwira canza. Kenaka mphunzitsi anali kumufunsa ngati adzalimbikira kuphunzira ndi kumvera, ndipo anali kupempha mwana wina wamkulupo kuti adzipereke kumuthandiza, mnyamata kwa mnyamata, mtsikana kwa mtsikana. Popeza ana anali kucokera kutali ndipo sanali kufika nthawi imodzi, oyamba kufika anali kuwerenga Cipangano Catsopano poyembekezera anzao. Onse akakwana anali kuimba nyimbo kapena salmo, nagwada kunena Pemphero la Ambuye, ndipo pamenepo maphunziro anali kuyamba.

Bambo Dock anali kudziwa kuti mwana amakondwera ndi zinthu zazing'ono. Mwana akadziwa zilembo zonse za alifabeti, anali kutumiza uthenga kunyumba wakuti atate ake amupatse peni imodzi, ndipo amai ake amukazingire mazira awiri. Potero makolo analowa nao m'nchito ya sukulu, ndipo mwana anadziwa kuti khama lake laoneka ngakhale kukhichini. Mwana amene sanalakwitse kanthu pa phunziro lake anali kulembedwa cilembo ca O ndi coko pacikhatho, napita naco kwao mosamala kuti cisafufutike. Ena anali kulandira kapepala kojambulidwa mbalame kapena duwa ndi dzanja la mphunzitsi mwini, kolembedwa mau okometsedwa ndi mitundu yosiyanasiyana. Luso limeneli Ajeremani a ku Pennsylvania amalicha Fraktur, ndipo linakhazikika m'sukulu za m'deralo kwa zaka zambiri.

Nanga mwana amene makolo ake analibe colipira? Bambo Dock analemba kuti mwana wosauka, wa nsanza ndi nsabwe, ngati afuna kuphunzira ayenera kukondedwa ndi mphunzitsi mofanana ndi mwana wa munthu wolemera, ngakhale mphunzitsiyo asadzalandirepo kanthu pa iye moyo wake wonse. Mau awa analemba munthu amene anali atasiyapo nchitoyi ndi kupita kumunda, amene anali kudziwa bwino kuwawa kwa malipiro ocepa.

Bolodi la manotsi ndi nyimbo za ana

M'kalasi mwao munali kupacikidwa thabwa lakuda, lalitali koma lopapatiza, lolembedwa mizere ya manotsi a nyimbo. Pa thabwa limeneli ana anali kuphunzira kukwera ndi kutsika kwa mau, ndipo panthawi zina mphunzitsi anali kulembapo manambala. M'mipingo ya Mennonite ya masiku amenewo munalibe limba kapena coimbira cina ciriconse. Mpingo unali kuimba ndi pakamwa pokha, motsogozedwa ndi munthu mmodzi wodziwa cuni. Motero mwana amene anaphunzira kuimba pa sukulu ya Bambo Dock ndiye anali kudzanyamula nyimbo za mpingo atakula. Sukulu ikanaleka kuimba, mpingo ukanatsala ndi mau a nyimbo opanda maimbidwe ake.

Panalinso cifukwa cina cimene cinacititsa kuti nyimbo zikhale pakati peni peni pa sukuluyi. Ana ao sanali a mpingo umodzi. M'dera lomwelo munali Ajeremani a mpingo wa Lutheran ndi a mpingo wa Reformed. Mu 1725 John Philip Boehm, amenenso anali mphunzitsi wocokera ku Germany, anakhazikitsa mipingo itatu yoyamba ya Reformed m'cigawoco, ndipo umodzi wa iyo unali pa Skippack pomwepo. Banja la Reformed linali ndi Katekisma wa Heidelberg, banja la Lutheran linali ndi katekisma wa Martin Luther, ndipo a Mennonite anali ndi ciphunzitso cao. Bambo Dock anaona kuti sikungakhale cilungamo kukakamiza ana onsewo katekisma mmodzi. Nchito ya katekisma anaisiyira makolo ndi mipingo yao, ndipo iwo anagwiritsa zinthu ziwiri zimene onse anali kugwirizanapo: Cipangano Catsopano ndi nyimbo. Anali kuphunzitsa ana kufufuza mavesi msanga, ndi kuona kuti ndi mau ati amene akucenjeza, ndi ati amene akutonthoza, ndi ati amene akulamula.

Pofuna kufika pa msinkhu wa ana ao, anayamba kulemba nyimbo zaozao m'Cijeremani. Monga mwa cizolowezi ca nthawiyo, anali kuika mau atsopano pa macuni odziwika kale, kuti mwana asavutike ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi. Nyimbo zao zinali za ndime zambiri, za mau osavuta, ndipo zambiri zinali kulankhula ndi ana mwacindunji. Zinali kuwaitana kuti abwere kwa Yesu akali aang'ono, kuti akonde Mulungu koposa zokoma za dziko, ndi kuti amvere makolo. Ina anailemba ngati munthu wokalamba amene akuona kuti masiku ake atsala pang'ono kutha. Sanalembe nyimbozi kuti achuke nazo. Zinali zida za m'kalasi, monga sileti ndi coko, koma zinakhalitsa kuposa mwini wake. Mu 1803, patapita zaka 32 cimwalirireni Bambo Dock, mipingo ya Mennonite ya m'dera lao inasindikiza buku la nyimbo ku Germantown lochedwa Die kleine geistliche Harfe der Kinder Zions, ndipo zingapo za nyimbo zao zinalowamo. Ana amene anaziphunzira pa mabenci a sukulu anadzaziimba m'mapemphero a pa Sabata ali ndi imvi.

Cilango cofuna kubweza mtima

Tisaganize kuti m'sukulu imeneyi munalibe cilango. Masiku amenewo mphunzitsi anali kudziwika ndi mkwapulo, ndipo ana ambiri anali kumenyedwa kwambiri pa zifukwa zazing'ono. Bambo Dock naonso anali ndi mkwapulo, ndipo nthawi zina anaugwiritsa nchito. Anali ndi benci ya olakwa, ndiponso goli laling'ono limene mwana wosamva anali kuvekedwa m'khosi. Mwana akalephera phunziro katatu, anzake anali kumucha waulesi ndipo dzina lake linali kulembedwa, koma akalimbikira nalidziwa phunzirolo, anzake omwewo anali kumucha wakhama ndipo dzinalo linali kufufutidwa. Zina mwa njira zimenezi sitingazivomereze lero, ndipo sitiyenera kuzitsanzira.

Cimene cinawasiyanitsa ndi aphunzitsi anzao ndi ici: iwo anakhulupirira kuti mkwapulo ungaletse coipa kuonekera kunja, koma sungasinthe mtima. Mwana akatukwana, anali kuyamba amufunsa ngati akudziwa tanthauzo la mau amene wanena. Kawirikawiri anapeza kuti mwanayo sakudziwa, anangomva kwa akulu. Pamenepo anali kumufotokozera kuipa kwa mauwo ndi zimene malemba amanena, ndi kumucenjeza. Mkwapulo unali kudza pambuyo, kwa iye amene wabwereza dala. Nthawi zina mwana wolakwa anali kuloledwa kupeza mnzake womuimira, amene anali kulonjeza kuti colakwaco sicidzacitikanso. Wolakwayo anali kudzisunga poopa kucititsa manyazi mnzake amene anamukhulupirira. Anazindikiranso kuti ana sali ofanana. Mwana wamantha kapena wocedwa kumva akamenyedwa amangosokonezeka, ndipo wotere afunika kumuleza mtima ndi kumulimbikitsa.

Analembanso malangizo 100 a makhalidwe a ana, amene anatuluka m'magazini ya cikristu yochedwa Geistliches Magazien, imene inayamba kusindikizidwa ku Germantown mu 1764. Mai aliyense angawazindikire malangizo amenewa: kudzuka msanga ukaitanidwa, kupereka moni kwa makolo m'mawa, kusamba kumaso ndi m'manja, kulonjera anthu panjira, kudikira pemphero usanayambe kudya, kusataya mafupa pansi pa tebulo. Kwa Bambo Dock cikristu ca mwana cinali kuyambira pa zinthu zotere.

Buku limene sanafune kuti lisindikizidwe

Ku Germantown kunali wosindikiza mabuku wochuka, Christopher Sauer, amene mu 1743 anasindikiza Baibulo la Cijeremani, loyamba kusindikizidwa ku America m'cinenero ca ku Ulaya. Mwana wake anaphunzirapo kwa Bambo Dock, ndipo Sauer anacita cidwi ndi kaphunzitsidwe kao. Anafuna kuti njira zao zilembedwe kuti aphunzitsi ena, makamaka ankhanza, aphunzirepo. Podziwa kuti Bambo Dock sangalole cinthu cooneka ngati kudzitama, anadzera kwa bwenzi lao, mlaliki wa Mennonite Dielman Kolb, amene anawapatsa mafunso oti ayankhe. Bambo Dock anamaliza kulemba mayankhowo pa 8 Ogasiti 1750, koma anapempha kuti asasindikizidwe iwo akali moyo.

Mapepalawo anakhala m'nyumba yosindikizira zaka pafupifupi 20. Sauer anamwalira mu 1758, ndipo nchito yake inatsala m'manja mwa mwana wake uja, Christopher Sauer wamng'ono. Abwenzi anapitiriza kucondelera, ndipo Bambo Dock atakalamba anavomera. Koma pamene anafuna kuyamba kusindikiza, mapepalawo sanaoneke. Sauer anada nkhawa, nalengeza m'nyuzipepala yake kuti amene wawapeza awabweze, ndipo anthu ena anayamba kumunena kuti wawabisa dala. Mwini wake wa zolembazo ndiye sanatekeseke. Anatumiza uthenga kwa wophunzira wao wakaleyo kuti asavutike mtima, popeza iwo sanafunepo ndi kale lomwe kuti zisindikizidwe akali moyo. Pambuyo pake mapepalawo anapezeka, ndipo bukulo linatuluka mu 1770 ndi dzina lakuti Schul-Ordnung, ndiko kuti dongosolo la sukulu. Limadziwika ngati buku loyamba la kayendetsedwe ka sukulu kulembedwa ndi kusindikizidwa ku America.

Madzulo otsiriza

M'zaka zao zotsiriza Bambo Dock anali kukhala pa nyumba ya mlimi wina wa pa Skippack, Heinrich Kassel. Anali ndi cizolowezi cimene anacisunga zaka zambiri. Ana akaweruka, iwo anali kutsala okha m'kalasi, natsegula kaundula wa maina, nagwada. Anali kupempherera mwana aliyense pomuchula dzina, ndi kupempha Mulungu kuti awakhululukire ngati tsikulo analakwira mwana wina kapena kumunyalanyaza.

Madzulo ena m'miyezi yotsiriza ya 1771 sanabwerere kunyumba pa nthawi yao. Anthu anapita kukawafuna, ndipo anawapeza m'nyumba ya sukulu atagwada, atamwalira kale. Anali ndi zaka pafupifupi 73. Anaikidwa m'manda a mpingo wa Mennonite pa Skippack.

Dzina lao linazimiririka kwa kanthawi, kufikira pamene Samuel Pennypacker anamasulira zolemba zao m'Cingelezi, ndipo mu 1908 Martin Brumbaugh anatulutsa buku la moyo ndi nchito zao. Amuna awiri onsewa anakhalapo abwanamkubwa a Pennsylvania. Mu 1954 mpingo wa Mennonite unatsegula sukulu ya sekondale pafupi ndi Lansdale niicha dzina lao, ndipo lero imadziwika kuti Dock Mennonite Academy.

Amai anzanga, Bambo Dock sanali mbusa, ndipo sanatsogolere mpingo kapena sinodi. Anali mphunzitsi wa kumudzi amene anatopa ndi nchito yake naisiya, monga momwe enafe timatopera ndi kalasi ya Sande sukulu, ndi mdzukulu wovuta, kapena ndi mwana wamasiye amene sathokoza. Mulungu sanawataye cifukwa ca zaka khumi za kumunda, koma sanawalekenso kuti apumule kumeneko. Atabwerera anayamba kuona ana mmodzimmodzi, aliyense ndi dzina lake, ndipo nyimbo, mazira awiri aja ndi cilembo ca pacikhatho zonse zinacokera pamenepo. Mwina pali mwana amene munali kumusamalira ndipo munamuleka. Ngati alipo, yambirani pamene Bambo Dock anali kumalizira tsiku lao. Lembani maina a ana amene Ambuye anaika m'manja mwanu, ndipo madzulo ano, musanagone, muwachule mmodzimmodzi pamaso pa Mulungu.